Kunja mwala, m'kati konkire: mamangidwe atsopano a ku Kedarnath

Akuluakulu a m'gulu lino, sabata ino ndikupempha kuti tiike kaye mabuku pambali, tiunike nyumba. Nyumba nayo ili ndi mlembi wake, ili ndi chimene ikunena kwa munthu woiyang'ana, ndipo imatha kunama monga momwe nkhani yolembedwa imanamira. Nyumba zimene ndikufuna tizione zili kutali, m'mapiri a Himalaya m'chigawo cha Uttarakhand ku India, pamalo otchedwa Kedarnath. Kumeneko boma lakhala likumanga malo atsopano ofikira anthu odzapembedza, ndipo ntchitoyo imatamandidwa kuti yatsata mamangidwe a makolo a m'deralo. Ine ndikuona kuti chimene atengako kwa makolowo ndi chovala chabe. Nzeru yeniyeni yatsalira pansi pa phiri.

Kedarnath ndi kachisi wa Ahindu wa mulungu wawo Shiva. Ali pamtunda wa mamita oposa 3,500, kutanthauza kuti ngakhale mutaima pa Sapitwa muyenerabe kukweza maso. Msewu wa galimoto umathera pa Gaurikund, ndipo kuchoka apo munthu amakwera makilomita pafupifupi 16 wapansi, pa nyulu, kapena atanyamulidwa ndi anthu anzake. A ndalama zawo amakwera helikoputa. Kachisiyu amatsegulidwa chakumapeto kwa April kapena kumayambiriro kwa May, n'kutsekedwa mu October kapena November. Miyezi yotsalayo malo onse amakwiririka ndi chipale, ndipo ansembe amatsika ndi chifanizo cha mulungu wawo kukapembedzera ku Ukhimath. Mfundo ya miyezi 6 imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Pa 16 ndi 17 June 2013 kunagwa chimene ife kuno tingachitche napolo. Mvula inavumba modabwitsa: chipangizo choyezera cha akatswiri a Wadia Institute pafupi ndi malowa chinawerenga mamilimita 325 m'maola 24 okha. Kumtunda kwa kachisi kunali kanyanja kotchedwa Chorabari, kotchingidwa ndi mulu wa miyala ndi dothi. M'mawa wa pa 17 muluwo unaphulika, ndipo madzi, matope ndi zimiyala zinatsikira pa tauni. Malo ogona alendo, masitolo ndi nyumba za ansembe zinapita. Rambara, mudzi umene unali pakati pa njira, unafafanizika osatsala kanthu. Boma la Uttarakhand linati anthu oposa 5,700 m'chigawo chonse akuganiziridwa kuti anafa. Amene munaona Chilobwe pambuyo pa Freddy, kapena mumamva za Phalombe mu 1991, simukufunika kukufotokozerani zambiri.

Kachisi yekha anatsala chiimire. Chimwala chachikulu chinagubuduzika n'kuima kumbuyo kwake, madzi n'kugawikana mbali ziwiri, ndipo lero anthu amachilemekeza, amachitcha Bhim Shila. Okhulupirira ali ndi kufotokoza kwawo ndipo sindilowererapo. Koma mmisiri angakuuzeninso zina: kachisiyo ndi wa miyala ikuluikulu yosemedwa, makoma ake ndi ochindikala, mawindo alibe oti n'kutchula, ndipo wakhala pa nsanja yokwera. Zithunzi za m'zaka za m'ma 1880 zimamuonetsa ali yekhayekha pabwalo, pambali pake pali timisasa towerengeka. Tauni imene inakokoloka inamera pambuyo pake, makamaka anthu odzapembedza atayamba kuchuluka, ndipo inamera mosalongosoka, nyumba kutsamira pa inzake, mpaka m'njira zakale za madzi pakati pa mitsinje ya Mandakini ndi Saraswati. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa.

Ntchito yomanganso inayamba ndi kutsegula njira ndi kuchotsa zigumukire, ndipo zimakina zina anachita kuzikweza ndi helikoputa za asilikali. Mu October 2017 nduna yaikulu Narendra Modi anaika mwala wa maziko a ntchito zikuluzikulu. Ndiyambe ndi zimene zakoma, pakuti zilipo. Kutsogolo kwa kachisi anatsegula msewu waukulu woyalidwa miyala, woti munthu akangofika pamphambano ya mitsinje iwiri ija amamuona kachisiyo ali poteropo, kumbuyo kwake nsonga zoyera. Izi zabwezeretsako chithunzi cha 1880 chija, ndipo wojambula pulaniyo anaganiza bwino: chinthu chimene anthu ayendera makilomita onsewa chisabisike kuseri kwa masitolo a mabisiketi. Bwalo lotakasuka limathandizanso pothawa ngozi. Kumtunda anamanga zipupa zotchinga madzi, ndipo m'mbali mwa mitsinje anamangira. Zonsezi palibe angazinyoze.

Vuto langa lili pa nyumba zatsopano zimene zandanda m'mbali mwa msewuwo ndi kuseri kwake, zogona ansembe, zofikira alendo, za maofesi. Mukaona zithunzi za nthawi imene ankamanga, mupeza mizati ya konkire ndi zitsulo, ngati nyumba iliyonse ya ku Delhi kapena ku Area 47. Ntchito ikatha amamata miyala yotuwa kunja, denga n'kulipendeketsa, ndiye chithunzi chomaliza chimaoneka ngati mudzi wakale wa m'mapiri. Mwalawo sunyamula kanthu. Mutauchotsa nyumba siigwa, ingochita manyazi basi. Kwathu kuno tili nazo zotere kunyanja: malo ogona alendo a njerwa ndi simenti, pamwamba udzu wofoleredwa mwaluso, n'kumati nyumba ya chimudzi. Chikomekome cha mkuyu.

Ife olemba tisaseke, matendawa tili nawo. Munthu amaganiza nkhani yonse m'Chingerezi, chiganizo chilichonse mafupa ake a Chingerezi, kenaka n'kuwaza miyambi inayi pamwamba kuti inunkhire kumudzi. Owerenga amamva ndithu kuti mwambiwo angoumata. Koma ife tikanama chotere palibe amafa.

Nanga mamangidwe enieni a kumeneko ndi otani? M'boma la Uttarkashi, m'chigawo chomwecho, muli mudzi wa Koti Banal umene dzina lake linasanduka dzina la kamangidwe. Nyumba zake ndi zazitali, zina zosanjikiza kanayi kapena kasanu, ndipo zilibe simenti. Amayamba ndi nsanja ya miyala yokhayokha. Pamwamba pake amagoneka mitengo iwiri yopalidwa bwino motsata khoma, ina iwiri mopingasa, kuilumikiza m'makona, n'kudzaza miyala yosemedwa pakati. Kenaka mitengo ina, miyala ina, chonchobe mpaka kudenga. Khomo limakhala laling'ono, mawindo ang'onoang'ono, ziweto pansi, anthu pamwamba. Akatswiri awiri, Piyoosh Rautela ndi Girish Chandra Joshi, atayeza mtengo wa imodzi mwa nyumbazi anapeza kuti uli ndi zaka pafupifupi 880. Ndiye kuti nyumbayo inaona chivomezi chachikulu cha ku Garhwal cha 1803, inaonanso cha ku Uttarkashi cha 1991, ikadali chilili. Ku Himachal Pradesh, chigawo choyandikana nacho, kamangidwe kofanana nako amakatcha kath-kuni, ndipo kachisi wa Bhimakali ku Sarahan ndi chitsanzo chake chodziwika.

Chinsinsi chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anamangapo nkhokwe. Nthaka ikagwedezeka, khoma louma gwa limasweka. Khoma la Koti Banal limavomera kugwedezeka: miyala imakhulana pang'ono, mphamvu ya chivomezi imathera m'kukhulanako, ndipo mitengo ija imagwira nyumba yonse ngati luzi lomanga mtolo wa nkhuni kuti makona asatseguke. Pamenepa mtengo ndi mwala zikugwira ntchito, chilichonse chili ndi chifukwa chokhalira pomwe chili. Kukongola kwake kumachokera m'ntchitoyo. Mizere ya mtengo ndi mwala imene alendo amaijambula palibe anaiika kuti ikongole.

Tsono apa ndipatukane ndi anzanga amene akangomva mawu oti makolo amayamba kuwomba m'manja. Alipo amene amati ku Kedarnath akanangomanga Koti Banal basi nkhani yatha. Ayi, sizophweka choncho.

Kamangidwe kameneka kamadya mitengo kwambiri, ndipo mtengo wake ndi deodar, umene ntchito yake ikufanana ndi mkungudza wathu wa ku Mulanje: wonunkhira, wosafumbwa, wosaola msanga. Kudula mitengo yaiwisi m'mapiri okwera a kumeneko kunaletsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pambuyo pa gulu la Chipko limene amayi ankakumbatira mitengo kuti isadulidwe. Mlimi wa lero sangapeze deodar wokwanira nyumba imodzi yotere, nanji malo ogona anthu masauzande. Ife tikudziwa mathero a mtengo wabwino wokondedwa ndi amisiri. Tinyumba togona okwera phiri la Mulanje tambiri tinamangidwa ndi mkungudza, mtengo umene unalengezedwa kukhala wa fuko mu 1984, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Kuwonjezera apo, Kedarnath ali pamwamba poti mitengo ikuluikulu simera n'komwe. Koti Banal ndi kamangidwe ka m'zigwa za nkhalango. Kukakweza pa mamita 3,500 n'kumati n'kakomweko ndi bodza linanso, longovala bwino. Ndipo nzeru yake ndi ya chivomezi. Chimwala cholemera ngati lole chikamatsika ndi matope sichifunsa ngati khoma lili ndi mtengo m'kati.

Tisaiwalenso kuti si nyumba yakale iliyonse imene ili yolimba. Chivomezi cha pa 20 October 1991 ku Uttarkashi chinapha anthu oposa 700, ndipo nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za miyala yosasema yomangidwa ndi dothi, zopanda mitengo yomanga makona. Zoipitsitsa zinali zosakaniza mosaganiza: makoma a miyala ndi dothi, pamwamba silabu yolemera ya konkire. Ndiye kunena kuti zamakolo n'zabwino, zamakono n'zoipa, ndi ulesi wa maganizo. Funso n'lakuti makolowo ankadziwa chiyani chimene chikugwirabe ntchito.

Ine ndikuona kuti chachikulu chimene ankadziwa sichili m'khoma ayi. Chili m'kuchuluka ndi m'malo. Kale ulendo wa ku Kedarnath unali wa masabata, ndipo m'njira monse munali timalo topumira totchedwa chatti, motalikirana makilomita ochepa. Chatti inali msasa wautali wa miyala ndi denga losavuta. Mwini wake ankakugulitsa ufa, nyemba ndi nkhuni, malo ogona n'kukupatsa ulere. Mayina ake alipobe, monga Jungle Chatti panjira ya ku Kedarnath ndi Janki Chatti panjira ya ku Yamunotri. Panalinso nyumba zachifundo za bungwe la Baba Kali Kamli Wala, limene linayamba cha m'ma 1880. Dongosolo limeneli linkamwaza anthu m'njira yonse m'malo mowaunjika pamwamba. Pamwamba penipenipo anthu ankafika, kupembedza, n'kutsika. Chomangidwa kuti chikhale zaka mazana chinali chimodzi, kachisi. Zina zonse zinali zopepuka, zoti chipale chikaphwanya mukonza ndi manja chaka chamawa. Anthu amene ankadziwa kuti malowa ndi a miyezi 6 ankamanga monga alendo. Rambara yemwe uja anali chatti, ndipo pamene madzi ankamupeza anali atakula n'kukhala kamsika kodzaza m'mphepete mwa mtsinje.

Tsopano onani manambala. Mu 2014, mantha akadali m'mitima, ku Kedarnath kunapita anthu pafupifupi 40,000. Mu 2019 anafika 1 miliyoni. Mu 2023 anaposa 1.9 miliyoni, onsewo m'miyezi 6. Malo atsopanowa amangidwa kuti alandire khamu limeneli ndi kuitananso lina. Apa ndi pamene pulaniyi yasiyana kotheratu ndi makolo amene ikuwatchula. Mungamate mwala wokongola bwanji, tauni yolemera yokhazikika pa dothi losiyidwa ndi madzi oundana, pakati pa mitsinje iwiri, ikutsutsana ndi chilichonse chimene chatti inkaphunzitsa. Ndipo phiri silinasinthe khalidwe: usiku wa pa 31 July 2024 mvula inadulanso njira ya wapansi ija, anthu masauzande n'kuchita kupulumutsidwa.

Woti akuona ngati ndikukokomeza ayang'ane Joshimath, tauni ya m'chigawo chomwecho imene ndi khomo la opita ku Badrinath ndi ku Hemkund Sahib. Mu 1976 komiti yotsogozedwa ndi M.C. Mishra inachenjeza kuti tauniyo yakhala pa zigumukire zakale, ndipo inalangiza kuti kumanga zolemera kuchepe. Mahotela anakwerabe. Mu January 2023 nthaka inayamba kutitimira mooneka ndi maso, nyumba zoposa 800 zinang'ambika, ndipo mahotela awiri, Malari Inn ndi Mount View, anatsamirana mpaka boma linawagwetsa. Anthu a kumeneko amalozanso chala ngalande ya magetsi imene ikukumbidwa pafupi, eni ntchitoyo amakana, ndipo mkanganowo ndi wa tsiku lina. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti nthakayo inasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake.

Pali chinthu china chimene khoma lomata limabisa, ndicho mmisiri. Kamangidwe ka makolo sikakhala m'buku la mapulani. Kamakhala m'manja mwa munthu wodziwa kuyang'ana mwala n'kuona mbali imene ugonere, wodziwa kuika mwala wautali wolumikiza nkhope ziwiri za khoma kuti lisagawikane. Ntchito ya konkire imabwera ndi kontilakita wake, simenti yake ndi zitsulo zake kuchokera kuchigwa, zonse kukwezedwa pamsana pa nyulu kapena pa ndege, ndipo konkire m'malo ozizira chotere imavuta chifukwa madzi akaundana isanaume imafooka. Wosema miyala amaitanidwa kumapeto kudzaveka nyumba chovala. Akalandira malipiro ake, inde, koma luso lomanga khoma lonyamula denga silinagwiritsidwe ntchito, ndipo mwana wake saliphunzira. Pakapita zaka makumi awiri matailosi a mwala aja akayamba kusomphoka ndi chisanu, wokonza adzachokeranso kutali.

Zinachitikapo mwina. Laurie Baker, katswiri wa mapulani wochokera ku England, anakhala zaka pafupifupi 16 ku Pithoragarh, m'mapiri omwewa, akumanga zipatala ndi sukulu. Iye ankavomereza poyera kuti maphunziro ake a ku Birmingham sanamuthandize kwambiri kumeneko, aphunzitsi ake anali amisiri a m'midzi. Ku Bhutan nako, nyumba ya amonke ya Taktsang, imene yakangamira pathanthwe mamita pafupifupi 900 pamwamba pa chigwa cha Paro, itapsa mu 1998 anaimanganso ndi amisiri a miyala, a matabwa ndi ojambula a m'dzikomo, ntchito n'kutha mu 2005. Anatha kutero chifukwa dzikolo lili ndi sukulu zophunzitsa maluso 13 a makolo otchedwa Zorig Chusum. Komatu ngakhale ku Bhutan komweko, lamulo loti nyumba zizioneka zachikhalidwe labala nyumba zambiri za konkire mu Thimphu zongojambulidwa maluwa m'mawindo. Lamulo la maonekedwe limabala maonekedwe. Sukulu ya amisiri ndi imene inamanganso Taktsang.

Kodi ndiye ku Kedarnath akanatani? Sindine injiniya, koma njira yapakati ndi yodziwika ndipo ili m'malamulo a zomangamanga a India momwemo. Nyumba zazifupi, zosapitirira kusanjikiza kawiri, makoma ake a mwala weniweni wonyamula katundu, womangidwa ndi malamba opingasa pa maziko, pamwamba pa mawindo ndi pansi pa denga. Poti deodar kulibe, lambayo akhale wa konkire yopyapyala, chimene amisiri athu amachitcha bimu. Pamenepo nzeru ya Koti Banal yalowa ngakhale mtengo wake palibe, simenti yokweza phiri yachepa, ndipo wosema miyala wabwerera pakati pa ntchito. Nyumba yotere mwina singakongole pa chithunzi ngati yomata ija, chifukwa lamba wa konkire amaoneka. Kwa ine kuonekako ndi ulemu: khoma likunena zoona za chimene chaligwira. Ndipo malo ambiri ogona akanakhala m'munsi, m'midzi ya m'njira, kumene ndalama ya mlendo ikanagwera m'manja ambiri. Zipupa zotchinga madzi zokhazo, izo zikhale za konkire ndi zitsulo mosabisa, pakuti palibe kholo limene linamangapo chotchinga kanyanja kophulika.

Kuno kwathu nkhaniyi siili kutali monga ikumvekera. Anthu amagona m'mapemphero pa Bunda ndi pa Soche, ena amakwera Njira ya Mtanda ku Michiru, ndipo phiri la Mulanje linalowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2025 chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro zozungulira phirilo. Kumene anthu akuchuluka, posachedwa wina adzabwera ndi pulani ya zimbudzi, pogona ndi pogulitsira zakudya, ndipo m'pulanimo mudzakhala mawu oti zipangizo za komweko. Tsiku limenelo wina adzafunse ngati mwalawo ukunyamula denga, ndiponso ngati agogo a m'munsi mwa phiri afunsidwa kumene napolo anadutsa ulendo watha.

Ku Kedarnath ntchito ikupitirira. Mu March 2025 boma la India linavomereza kumanga chingwe cha m'mwamba chonyamula anthu m'tingolo kuchokera ku Sonprayag, mtunda wa makilomita 12.9, kuti ulendo wa maola 8 kapena 9 uzitenga mphindi 36. Kwa nkhalamba ndi odwala ndi nkhani yabwino, ndipo nyulu zimene zimafera m'njira chaka ndi chaka zipumako. Chingwecho chikhozanso kuthandiza mfundo yanga ija, ngati anthu azikwera m'mawa n'kutsika madzulo kukagona kumunsi monga ankachitira a m'nthawi ya chatti. Koma akuti chizinyamula anthu 18,000 pa tsiku, ndipo eni mahotela nawo amadziwa kuwerenga.